Kompuresa ya m'galaja ndi denga la matabwa: pomwe mfuti ya misomali imalekezera

Kompuresa ya thanki ya malita 50 imakwanira kuyendetsa mfuti ya misomali pokhomera denga la galaja kuno ku Johannesburg, bola pogula muyang'ane nambala yoyenera. Pa bokosi amalemba nambala yokopa, monga malita 200 pa mphindi, koma umenewo ndi mpweya womwe pisitoni imakoka. Womwe umafikadi ku chida chanu amaulemba kuti FAD, ndipo kawirikawiri umakhala magawo awiri mwa atatu a nambala yaikuluyo. Pamenepo chotsaniponso. Mzinda uno uli pamwamba, mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, ndiye mpweya wake ndi wopepuka. Makina omwe ku Durban amadzaza thanki msanga, kuno amapereka mpweya wochepera ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi. Musathamangire kubweza ku shopu kuti ndi akufa.

Mfuti ya misomali siidya mpweya wambiri, malita awiri kapena kupitirira pang'ono pa msomali umodzi. Yopentera galimoto ndiyo mdyomba, imafuna malita 200 kapena kuposa pa mphindi mosalekeza, ndipo kakompuresa ka malita 24 kapena 50 kamangolira osapuma mpaka kutentha. Ngati kupenta ndiye ntchito yanu ya tsiku ndi tsiku, sungirani ndalama ya kompuresa yoyendera lamba ya malita 100 kupita m'mwamba.

Makompuresa ambiri a m'magalaja amafa ndi magetsi. Waya woonda wowonjezera, wa 1 mm², umafooketsa mphamvu, mota n'kumangong'ung'udza osazungulira. Gwiritsani ntchito wa 2.5 mm², muutambasule wonse osausiya wokulunga pa gudumu lake. Chabwino koposa, kompuresa ikhale pafupi ndi soketi ndipo mutalikitse payipi ya mpweya. Ikapitirira mamita 15, tengani ya 10 mm mkati m'malo mwa ya 8 mm. Mapayipi a PVC a madzi aja musayerekeze kuwayendetsera mpweya m'khoma, akaphulika amamwaza zidutswa zakuthwa ngati magalasi.

Pozimitsa, dinani batani lofiira la pa kompuresa pomwepo, osati pa khoma. Mukamva kuti psii, ndiye kuti kavalavu katulutsa mpweya wotsalira pamwamba pa pisitoni, mota idzadzuke yopepukidwa. Magetsi akathima makina ali mkati modzaza, mpweyawo umatsekeredwa, ndipo akabwera mota imalimbana ndi katundu mpaka kugwetsa switchi yaikulu ya m'nyumba kapena kupsa kumene. Choncho akangothima, pitani mukadine batani lija. M'mawa wa June ndi July oyilo amakhala wolimba ndi chisanu. Yambitsani makina valavu ya pansi pa thanki, yotulutsira madzi, ili yotsegula kwa mphindi imodzi, kenako mutseke.

Valavu ya pansiyo ndi ya tsiku lililonse, makamaka nyengo ya mvula, October mpaka March. Tsitsani mpweya kufika pa 2 bar, pendeketsani thanki, tsegulani. Mumatuluka madzi ofiirira ngati tiyi wamkaka. Akakhalitsa amadya thanki kuchokera mkati, ndipo thanki yoboka ndi dzimbiri siwotchereredwa, imatayidwa.

Tsopano za pamwamba. Galaja yatsopano kapena kusintha denga kumafuna pulani yovomerezedwa ndi khonsolo ya mzinda, malinga ndi lamulo la zomangamanga la 1977, ndipo malamulo a madenga ali mu SANS 10400-L. Ngati nyumba ndi yarendi, mwini wake adziwe musanatsitse lata ngakhale limodzi. Mukapeza denga lakale la asbestos, osalidula ndi galayinda, fumbi lake limawononga mapapo.

Matabwa a paini a kuno amabwera ndi chidindo chosonyeza kulimba kwake, S5 kapena S7. Lopanda chidindo lisakwere padenga, ngakhale mtengo wake ukhale wokoma bwanji. Mapaso ndi mathirasi (mafelemu a makona atatu onyamula denga) ang'onoang'ono amapangidwa ndi 38 x 114 kapena 38 x 152, ma purlin (matabwa opingasa pomwe amakhomerapo malata) ndi 50 x 76, timatabwa ta matailosi ndi 38 x 38, zonse mu mm. Pa matailosi a konkire, mathirasi atalikirane osaposa 760 mm. Pa malata, 1.2 m ndi mpata wabwino, ma purlin nawonso osaposa 1.2 m. Malata a IBR, a mizere yamakona aja, amafuna kupendekeka kosachepera madigiri 5, kutanthauza kukwera 87 mm pa mita iliyonse. Galaja ya mamita atatu mulifupi, khoma limodzi litalike ndi 262 mm kuposa linzake. Mukachepetsa, matalala a ku Highveld kuno amaunjikana padenga, madzi n'kubwerera m'malumikizo. Malata amizeremizere omwe tinazolowera kumudzi aja amafuna madigiri 10 kapena kuposa.

Ikani mfuti pa 6 bar, muyese pa chidutswa cha thabwa lomwelo. Mutu wa msomali ulingane ndi thabwa. Ukamira mkati, tsitsani mpweya, chifukwa msomali womira wadula kale ulusi wa thabwa ndipo sugwira bwino. Madontho awiri kapena atatu a oyilo wa zida za mpweya pakamwa pa mfuti m'mawa uliwonse. Matabwa obiriwira othiridwa mankhwala a CCA, oteteza ku chiswe ndi kuola, amadyetsa misomali wamba dzimbiri, gulani yokutidwa ndi zinki.

Apa ndi pomwe amisiri ambiri amapusitsika. Mfuti zambiri zimalekeza pa msomali wa 90 mm. Purlin ya 50 x 76 imaikidwa choimirira, mbali ya 76 m'mwamba, kuti isapindike. Werengani nokha: 90 kuchotsa 76, atsala 14 mm okha olowa mu phaso. Mfuti imalira bwino, mutu wa msomali umaoneka wokhazikika, mukapondapo sipagwedera, koma denga lotere langotsamira. Malata ndi opepuka, ndipo mphepo ya mvula ya mabingu siwakankhira pansi, imawayamwira m'mwamba, n'kunyamula malata ndi ma purlin omwe kukatula kwa aneba. Ena amagoneka purlin chafulati kuti msomali ufike, mapeto ake denga limabwera ndi mimba pakati. Pamenepa tsitsani mfuti, tengani hamala ndi msomali wa 125 mm, ndipo m'mphepete mwa denga, pamwamba penipeni ndi m'makona muwonjezere tizitsulo totchedwa hurricane clip, tokhomedwa ndi misomali yake yaifupi m'mabowo onse. Mfuti isiyireni timatabwa ta 38 x 38, pomwe msomali wa 75 mm umalowa mokwanira, ndi zogwiriziza zina zongoyembekezera.

Thirasi lililonse limangidwe ku khoma ndi lamba wachitsulo wa 30 x 1.2 mm kapena mawaya awiri a 4 mm, okwiriridwa m'njerwa pomanga: 600 mm pansi pa denga la malata, 300 mm pa la matailosi. Lopepuka ndilo limafuna wakuya. Musanakhome malata, khomani thabwa lopingasa pa madigiri 45 pansi pa mapaso, kuchokera pa khoma kukafika pamwamba, kuti mathirasi asagone onse mbali imodzi.

Pamakwerero, mfuti ikhale pa kuwombera umodziumodzi, osati kongogunditsa mphuno. Dzanja logwira thabwa litalikire kuposa kutalika kwa msomali, poti ukakumana ndi mfundo umakhota n'kutulukira m'mbali. Magalasi a m'maso muvale, ndipo chotsani payipi musanatokose msomali wokanirira.

Denga likatha, thabwa la pansi la thirasi limaoneka ngati malo abwino opachikapo tcheni chonyamulira injini. Silinapangidwire zimenezo. Ntchito yake ndi kukoka makoma kuti asatanuke, ndipo injini ya bakkie ikhoza kulithyola kapena kumasula malumikizo ake. Kulidula kuti chitseko cha galaja chikwere bwino n'chimodzimodzi. Injini inyamulidwe ndi chonyamulira choima pansi pa simenti, padengapo mupachikepo payipi ya mpweya ndi getsi basi.