Ulendo wa ku Dar es Salaam kudzera pa Songwe: zoyenera kudziwa musananyamuke

Amalawi ambiri opita ku Tanzania amatulukira pa chipata cha Songwe m'boma la Karonga n'kulowa m'dzikolo pa Kasumulu. Mmalawi safunika viza ngati sakukakhala masiku opitirira 90, koma pasipoti yanu ikhale yoti yatsala ndi miyezi yosachepera 6 kuti ithe ntchito, ndipo musakwere galimoto musanaone ndi maso anu kuti yadindidwa mbali zonse ziwiri za mlatho. Majumbo apulasitiki muwasiye kunyumba, chifukwa dzikolo linawaletsa kuyambira pa 1 June 2019.

Chimene chimasiyitsa alendo basi kawirikawiri ndi nthawi. Tanzania ili patsogolo pa Malawi ndi ola limodzi, komanso anthu akamalankhula Chiswahili amawerenga maola kuyambira pamene dzuwa latuluka, kotero kuti "saa moja asubuhi" ndi 7 koloko m'mawa, pamene "saa kumi na mbili alfajiri" ndi 6 koloko mbandakucha. Wogulitsa tikiti akakuuzani nthawi, musachite manyazi kumupempha kuti akulozereni pa wotchi kapena pa foni yanu.

Msewu umakwera mapiri a Tukuyu, kumene kumazizira ndithu moti juzi ndi yofunika, kenako umadutsa Iringa, kutsika chitunda chokhotakhota cha Kitonga ndi kupyola m'nkhalango ya Mikumi, momwe akadyansonga amaoneka m'mbali mwa msewu. Mukadutsa Morogoro, mabasi akutali amakaima pa depoti ya Magufuli ku Mbezi, yomwe ili patali ndi pakati pa mzinda wa Dar es Salaam, choncho sungani mashilingi okwerera daladala (minibasi) kapena bajaji (njinga yamoto ya matayala atatu). Posintha ndalama pa chipata, yambani mwawerenga mashilingiwo m'manja mwanu musanapereke makwacha, ngakhale wosinthayo akufulumizeni bwanji.

Moni ndiye amatsegula zitseko kumeneko, ndipo ine ndimaona kuti nkhani imeneyi ndi yofunika kuposa zonsezi. Munthu wamkulu mumamuuza kuti "shikamoo", iye n'kuyankha kuti "marahaba", pamene mnzanu wa msinkhu wanu mumamufunsa kuti "habari". Kulowa mu sitolo ya ku Kariakoo, dera la malonda mu Dar es Salaam, n'kuyamba kufunsa mtengo wa zitenje musanapereke moni kumaoneka ngati mwano, ndipo mwini sitolo sachita chidwi chokutsitsirani mtengo. Ndalama ndi katundu perekani komanso landirani ndi dzanja lamanja. Popeza m'mbali mwa nyanja ndi ku Zanzibar Asilamu ndi ambiri, valani zobisa mapewa ndi mawondo, ndipo m'mwezi wa Ramadan pewani kudyera poyera masana.

Ngati mwapita kukaoda katundu wa geni, pemphani lisiti pa chilichonse chimene mwagula ndipo muwasunge pamalo amodzi, chifukwa pobwerera a MRA pa Songwe adzafuna kuwaona powerengera msonkho.