Mmene mungasankhire kopita mukamayenda nokha, amayi anzanga a mu Harare

Chisiyireni ana kundikoka chitenje, chaka chilichonse ndimapatula masiku angapo n'kupita kwinakwake ndekha. Amayi anzanga a kutchalitchi kuno ku Mufakose poyamba ankati ndapenga, koma lero ndi omwewo akundiimbira foni: "Asisi, ndiyambire pati?" Ndiye ndati ndilembe kamodzi kokha, wofunsa ndizingomutumizira.

Yambani ndi chiphaso chanu, chifukwa ndicho chigamule ngati ulendo uli wa m'dziko muno kapena wodutsa boda. Ambirife tinabadwira konkuno, agogo athu anabwera kuchokera ku Malawi kudzagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi, ndipo alipo ena amene zitupa zawo zidakawatchulabe alendo ngakhale malamulo a dziko a 2013 anatsegula njira yoti ana obadwira kuno a makolo ochokera m'mayiko a SADC akhale nzika. Ngati pasipoti mulibe, za Mangochi ziikeni kaye pambali chaka chino, malo oyenda m'Zimbabwe muno ndi mbwee. Ngati muli nayo, kaya ya Malawi kaya ya Zimbabwe, ku Zambia, ku Mozambique ndi ku Malawi simusowa viza. Ingoonani kuti yatsala ndi miyezi yoposa 6 isanathe.

Kenako lembani malo atatu amene mtima ukufuna, muwayese ndi nyengo. Ku Kariba mu Okutobala kumatentha moti mumasamba thukuta mutangokhala. Ku Victoria Falls madzi amadzaza cha mu Epulo ndi Meyi, mumachoka mutanyowa ngati mwavumbidwa ndi mvula, pomwe mu Okutobala ndi Novembala amachepa kwambiri. Ku Nyanga mu Juni ndi Julaye kuli chisanu cholowa m'mafupa. Kunyanja kwathu miyezi yomweyo kumawomba mwera, maboti amavinavina. Za ndalama sindinenapo, m'thumba mwanu mukudziwamo nokha.

Tsopano apa ndi pamene ndikufuna mukhale pansi. Malo aliwonse pa atatuwo muwafunse funso ili: ndikafika nthawi yanji, ndipo kuchoka pomwe basi inditsitse kukafika pakhomo pogona ndiyenda bwanji? Malo amene alephera funso limeneli afufuteni, zithunzi zake zikongole bwanji.

Ine ndinaphunzira ndi misozi. Unali mwezi wa Julaye, ndinaona pa Facebook kanyumba kokongola cha ku Juliasdale, kufupi ndi Nyanga, koyaka moto wa nkhuni m'kati, mitengo ya paini kuzungulira. Mnyamata amene ankayankha mauthenga anali waulemu kwabasi. Anati ndiyambe ndatumiza madola 20 pa EcoCash, njira yotumizira ndalama pafoni, kuti andisungire chipinda, ndipo anati kanyumbako kali "pafupi ndi msewu". Ndinatumiza. Tsikulo ndinayamba ndachapa, n'kuphikira a m'nyumba, ndiye ku Mbare Musika kokwerera mabasi ndinafika cha m'ma 10. Mahwindi, anyamata oitanira aja, anandilanda chikwama n'kundilowetsa m'basi imene ankalumbira kuti ikunyamuka pompo. Injini inali ikulira ndithu, koma m'katimo munali anthu asanu ndi mmodzi. Tinanyamuka 1 koloko itadutsa.

Kuchoka ku Harare kufika ku Rusape ndi makilomita pafupifupi 170, ndipo ndinatsika pamenepo 4 koloko itapitirira. Panayambanso kudikira kwina, mushikashika, kagalimoto kakang'ono konyamula anthu, kuti udzaze. Tinapanikizana anayi kumbuyo, ine chikwama pamiyendo, thumba la feteleza la munthu wina likundikanikiza bondo. Mu Julaye dzuwa limalowa 6 koloko isanakwane, ndipo pamene tinkakwera mapiri kunja kunali bii. Dalaivala ananditsitsa pamphambano ina pali kagolosale, n'kunena kuti malo amene ndikufunawo ayenera kukhala cha uko. Anangoloza mumdima ndi chibwano, galimoto n'kupita.

Ndinaimba nambala ya mnyamata uja: yazimitsidwa. Ndinaimbanso, chimodzimodzi. Batire inali pa 9 peresenti, nkhungu itakuta msewu, ine nditavala kajuzi ka ku Harare kamene kumeneko ndi nsanza chabe. Pakhonde la golosaleyo panali abambo awiri akumwa, ndipo mmodzi anayamba kundifunsa m'Chishona kuti ndikupita kuti usiku uno, ndili ndi ndani. Mwina ankafuna kundithandiza, kaya, koma mtima unali phaphapha. Ndinalowa m'golosalemo ngati wogula, n'kupeza mayi akuwerenga ndalama kuti atseke. Ndinawaonetsa zithunzi zija. Anazidziwa nthawi yomweyo, koma anati nyumbayo ili kutali m'kasewu kafumbi, wapansi sangafike usiku, ndipo mnyamata wa dzina limenelo sanamumvepo. Ndinagona kwa mayiwo, pamphasa pamodzi ndi ana awo, atandifunditsa mabulangeti awiri onunkha utsi. M'mawa eni nyumba enieni titawapeza pafoni anati mnyamatayo sakumudziwa. Anangoba zithunzi zawo.

Madola 20 aja sanandipweteke kwenikweni. Chinandipweteka n'choti ndikanafika 2 koloko masana, nkhani yonseyo ikanakhala yongoseka, ndikanafunsafunsa n'kupeza pena pogona. Chichokereni pamenepo ndimasankha malo amene ndingafike isanakwane 3 koloko, ndipo powerengera ndimawonjezera maola awiri a basi yodikira kudzaza. Pogona ndimaimba foni ya mawu, osati mauthenga okha. Ndimapempha kuti tiimbirane vidiyo pa WhatsApp andionetse geti ndi chikwangwani chawo, ndimafunsa dzina la siteji yotsikira, mtunda wake m'makilomita, ndi amene adzandichingamire. Mawu oti "pafupi" sindiwalandiranso. Safunsa anadya phula. Komanso EcoCash imaonetsa dzina la wolandira musanatsimikize kutumiza, ndiye dzina likasiyana ndi la amene mukulankhula naye, bwezani foni m'chikwama.

Mukayesa malo ndi muyeso umenewu muona kuti ena amadutsa mosavuta. Mapanga a Chinhoyi ali makilomita pafupifupi 120 kuchoka mu Harare, mumakaona dziwe lija la madzi abuluu ngati opaka utoto n'kubwerako tsiku lomwelo. Woyamba kumene kuyenda yekha ndimamuuza ayambe kumeneko, kapena ku Domboshava kumene n'kufupi kuposa apo. Great Zimbabwe nayonso ndi yosavuta: mukalawira m'mawa, ku Masvingo, makilomita pafupifupi 290, mumafika masana, n'kutsala mtunda wosakwana makilomita 30 kukafika kumabwinjako, ndipo pamalopo pali otsogolera alendo. Ku Vumba n'kotheka bola mukhale mutafika ku Mutare dzuwa lili pamutu. Ku Nyanga ndinabwererako, ulendo uno ndinanyamuka mbandakucha. Koma phiri la Nyangani, lotalika mamita 2,592, musakwere nokha zivute zitani. Nkhungu imatsika mwadzidzidzi ndipo anthu anasowapo m'phirimo.

Victoria Falls ndi makilomita oposa 800 kudzera ku Bulawayo. Ine ndimagona kaye ku Bulawayo, ena amakonda basi ya usiku yofika kutacha, zonsezo zili bwino. Kumudzi nako, basi za ku Blantyre zimanyamukira ku Roadport, kudutsa ku Nyamapanda, kuwoloka Zambezi ku Tete, n'kukalowa pa Mwanza. Maboda ake ndi awiri ndipo palibe angakulonjezeni nthawi yofika. Ndinafikapo ku Wenela, kotsikira mabasi ku Blantyre, anthu atagona kale. Choncho ulendo umenewu ndimauvomera pokhapokha pali wachibale wodzandichingamira, za kunyanja zimakhala za mawa lake. Anyamata osintha ndalama pa Nyamapanda amawerenga mothamanga dala. Musapereke madola anu musanawerenge nokha kawiri zimene akupatsani, ndipo sinthani zochepa, zogulira madzi ndi kulipira chimbudzi basi.

Mukasankha, zotsalazo n'zazing'ono. Tumizirani mwana kapena mchemwali wanu dzina la pogona ndi nambala ya basi. Tengani madola ang'onoang'ono, a 1 ndi a 5, chifukwa chenji mukudziwa mmene imavutira, ndipo musawaike onse pamodzi. Pawabanki, tochi, chitenje. Ku Kariba, ku Victoria Falls ndi kunyanja kuli malungo, ife okhala mu Harare matupi athu sanawazolowere, ndiye pitani kaye kukiliniki ndipo mukagone m'masikito. Ku Kariba komweko njovu zimayenda m'tauni, musamati ndikawongole miyendo madzulo. Wokufunsani kuti muli ndi ndani, muuzeni kuti bambo akudikira kutsogolo, ine ndimatero mpaka lero.

Tikiti yobwerera gulani tsiku lomwe mwafika, kapena funsani kuti basi yoyamba imanyamuka nthawi yanji ndi pati. Lamlungu zoyendera zimachepa m'malo ambiri akutali, ndiye ine ndimabwerera Loweruka kapena Lolemba.