Momwe mungajambulire nkhope mu situdiyo khungu osasanduka mbuu

Anyamata amene akutsegula timasitudiyo kuno ku Chipata amakonda kundifunsa kamera yoti agule. Ine ndimayamba ndawafunsa za nyali. Canon kapena Nikon yakale yokhala ndi lenzi ya 50mm ikutumikirani zaka zambiri, koma nyali ikalakwika, mungachezere pa kompyuta mpaka tambala kulira, nkhope ya munthu sibwerera mwakale.

Munthu asatsamire nsalu yakumbuyo. Aime kapena akhale mita imodzi ndi theka kuchokera pansalupo, apo ayi mthunzi wake ugwera pomwepo ndipo makwinya onse a nsalu aonekera. Nsalu yodula njosafunika. Yanga yotuwa ndinagula mamita atatu kumsika wa Kapata, telala n'kundipindira m'mphepete polowetsa paipi. Kusita kokha musaiwale.

Nyali yaikulu ikhale cham'mbali, pamadigiri ngati 45 kuchokera pamene mwaima inu, pamwamba pang'ono pa mutu wa munthuyo, yoweramira kunkhope. Yang'anani mthunzi wa mphuno: ukhale waufupi, wotsikira kumapeto a mlomo. Mukaona kadontho ka kuwala m'maso onse awiri, nyali yakhala bwino. Khungu lathu lakuda limanyezimira, makamaka m'mwezi wa October thukuta lili kamukamu, kapena mwana atamudzoza vaselini kunyumba. Fulashi yopanda chophimba imasiya banga loyera pamphumi ndi pansonga ya mphuno. Iphimbeni ndi softbox (bokosi la nsalu lofewetsa kuwala) kapena ambulera yoyera, ndipo muisendeze pafupi, osapitirira mita imodzi. Nyali ikakhala yaikulu ndiponso yapafupi, kuwala kumafewa. Mukaitalikitsa kawiri, kuwala kofika pankhope kumatsala gawo limodzi mwa magawo anayi, ndiye musamaikankhire kukhoma pofuna malo oyendamo. Mbali inayo ikani katoni yaikulu yomata pepala loyera kuti ibweze kuwala patsaya lamthunzi. Tishu akhale pafupi, munthu adzipukute pamphumi musanadine.

Kamera ikhale pa M, pomwe mumasankha nokha zonse. Ndi fulashi ndimayambira ISO 100 (mphamvu ya kamera yotolera kuwala), f/8 (kukula kwa bowo la lenzi) ndi 1/160 ya sekondi (liwiro lojambulira), chifukwa makamera ambiri akapitirira 1/200 amadula chithunzi ndi mzere wakuda. Auto, pomwe kamera imadzisankhira yokha, imanyengedwa ndi zovala. Kamera imafuna chilichonse chioneke chotuwa pakatikati, choncho ikaona diresi yoyera ya mkwatibwi imachepetsa kuwala, nkhope n'kumira mumdima.

Tsopano apa mpamene ndinagwa nazo, ndipo ndikupemphani muwerenge mofatsa. Fulashi yanga itafa, munthu wina woyenda ndi katundu m'chikwama anandigulitsa nyali ya LED, akuti ndi ya situdiyo, mtengo wake wosafika ndi theka lomwe la fulashi. Pakatoni panalibe dzina la kampani. Sabata yomweyo kunabwera banja lochokera ku Katete, ana atatenga mayi awo okalamba kudzawajambulitsa. Gogoyo anavala bulauzi yoyera, chitenje chatsopano ndi duku lake. Nyali ya LED ndi yofooka poyerekeza ndi fulashi, ndiye ndinakweza ISO kufika 800 n'kutsitsa liwiro mpaka 1/60. Pamenepo kamera imatola kuwala kulikonse kumene kuli m'chipinda. Zenera linali lotsekula, babu lachikasu lakudenga likuyaka. Pa muyeso wa mtundu wa kuwala (K), kuwala kwa masana kumakhala cha pa 5500K, babu lotere cha pa 2700K, ndipo nyali yanga yotchipayo inkatulutsa kaubiriwiri kamene maso sanakaone. Pakasikirini ka kamera zonse zinkaoneka bwinobwino.

Nditatsegula pa kompyuta madzulo, thupi linachita tsembwe. Tsaya lakuzenera linali lotuwa ngati phulusa, mphumi yachikasu, tsaya linalo lobiriwira. Ndikachotsa kubiriwirako, bulauzi inkasanduka yapinki. Ndikakonza bulauzi, khungu linkafa. Mtundu umodzi wolakwika umakonzeka, koma mitundu itatu pankhope imodzi ayi. Ndinatsukitsa momwemo poganiza kuti mwina sazindikira. Mwana wawo wamkazi anachigwira chithunzicho nthawi yaitali, kenako anati, “Bambo, amayiwa akuoneka ngati angotuluka m'chipatala.” Ndinawapepesa, ndinalipira ndekha basi yoti gogo abwerenso kuchokera ku Katete, ndipo ulendo wachiwiriwo ndinabwereka fulashi kwa mnzanga.

Chiyambire tsiku limenelo, ndisanajambule ndimazimitsa babu lakudenga n'kutseka katani yochindikala pazenera, kuti m'chipinda mutsale kuwala kwa mtundu umodzi basi. Munthu amayamba wagwira pepala loyera pansi pa chibwano, ndimalijambula, white balance (youza kamera mtundu woyera weniweni) n'kuitengera pamenepo. Ndimajambula RAW nthawi zonse, mtundu wa fayilo wosunga zonse zimene kamera yatola. Ngati mukugula LED, funani yolembedwa CRI 95 kapena kuposa (CRI ndi muyeso wa momwe nyali imaonetsera mitundu molondola), ya kampani yodziwika monga Godox, ndipo muiyese pankhope ya munthu ndalama zisanachoke m'thumba. Wogulitsa wokana kuti muyese, msiyeni apite. Ndipo poti magetsi a ZESCO amatha kuthima kasitomala ali pampando, fulashi yamabatire yotchajiratu ndiyo imandipulumutsa. Zikavutitsitsa, zenera lokha ndi katoni ija zimatulutsa chithunzi chabwino, bola dzuwa lisamenye munthu mwachindunji.

Za kudula chithunzi sindichulutsa. Siyani malo m'mbali pojambula, chifukwa makamera ambiri amatulutsa 3:2, yokwana ndendende pa 4x6, pamene felemu ya 8x10 imadya mbali yaitali. Mukathinitsa, duku lidzadulidwa. Maso akhale chakumtunda kwa chithunzi, osati pakati penipeni. Musadule pachigongono, pamfundo ya dzanja kapena pabondo. Za visa funsani kaye dziko: ya Schengen (maiko ambiri a ku Ulaya) ndi 35x45mm, ya ku America ndi 51x51mm.

Pokonza pa kompyuta, pulogalamu ya Lightroom njabwino koma njolipira mwezi ndi mwezi. GIMP ndi Snapseed (iyi ndi ya pafoni) nzaulere, ndipo nzabwino kuposa Photoshop yakuba imene amaikira anthu kuseri kwa mashopu, yobwera ndi mavairasi. Chiphuphu chimene chipole sabata ziwiri zikubwerazi chotsani ndi healing brush, chida chofufutira timabanga. Kunyezimira kwa pamphumi chepetsani pang'ono chabe. Khungu musaliyeretse, ndipo musalisalaze mpaka kuoneka ngati chidole cha pulasitiki. Posunga, mitundu muiike mu sRGB, ndipo potumiza kotsukitsa pa WhatsApp tumizani ngati document kuti chisaphwanyike. Zipsera ndi timadontho tobadwa nato funsani mwiniwake musanakhudze. Gogo wa ku Katete uja anali ndi mphini m'masaya onse awiri, ndipo pachithunzi chachiwiri ndinazisiya momwe zinalili.