Kapangidwe ka koyilo yanu yoyamba pa RDA

RDA ndi mutu wa ndudu yamagetsi (vape) umene mumaikamo nokha koyilo, waya wokulunga umene umatentha n'kutulutsa nthunzi. Izi ndi za akuluakulu osuta kale amene akufunsa poyambira. Nikotini ndi wovuta kusiya, choncho osasuta asayambe.

Zofunika: waya wa Kanthal A1 wa 26 gauge (muyezo wa kunenepa kwa waya), kachitsulo kobulungira konenepa 3 mm, thonje loyera, chodulira waya, kopanira ka seramiki, ohm meter (choyezera ma ohm, kapena kuti mmene koyilo ikukanira magetsi) ndi mod (chigawo chokhala ndi batire) yokhala ndi chitetezo chamkati. Mechanical mod, imene ilibe chitetezo chimenechi, isiyeni kaye.

1. Kulungani waya pakachitsulo maulendo 8 mothinana. Zimapereka pafupifupi 1 ohm.
2. Lowetsani miyendo ya koyilo m'mabowo a RDA, mangani masikuluu, dulani waya wotsala.
3. Yezani ndi ohm meter musanaike pa mod. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Koyilo ikakhudza chitsulo chapansi kapena chivundikiro, magetsi amadutsa mwachidule ndipo batire ikhoza kuphulika. Yezaninso mutavundikira. Manambala akamadumphadumpha, mangitsani masikuluu.
4. Ikani RDA pa mod, yatsani pang'onopang'ono pamphamvu yochepa, mukupana ndi seramiki, mpaka kufiira kuziyambira pakati.
5. Ikazizira, lowetsani thonje, lisathine kwambiri.
6. Nyowetsani thonje lonse ndi madzi a vape (e-liquid) musanakoke, louma limapsa.

Batire yong'ambika chikutiro musaigwiritse ntchito.