Momwe mungadutsire pa loko ndi boti pa ngalande za ku England nyengo ikamasinthasintha

Anzathu ambiri okhala ku Birmingham kapena ku Leeds amangowaonera patali maboti aatali opyapyala aja, osadziwa kuti amachititsidwa hayala ndipo munthu umayendetsa wekha. Kuyendetsako n'kosavuta, poti malamulo salola kupitirira mamailosi 4 pa ola. Ntchito ili pa loko.

Loko wake si wa pachitseko ayi. Ndi chipinda cha madzi chokhala ndi zitseko uku ndi uku, chimene chimakweza kapena kutsitsa boti pamene ngalande yakumana ndi chitunda. Ku Tardebigge alipo 30 ondondozana, ku Caen Hill pafupi ndi Devizes alipo 29. Tsiku loyamba musayambire kumeneko.

Musananyamuke, onani zidziwitso za Canal & River Trust, bungwe losamalira ngalandezi, pa intaneti. Kukachita ng'amba amatseka maloko ena kuti asunge madzi. Mvula ikachuluka, pamene ngalande ikulowa mumtsinje pamakhala chikwangwani choyezera madzi: akafika pofiira, mangirirani boti mudikire. Valani nsapato zogwira pansi, ana avale majekete oyandamitsa.

Mukafika pa loko, mmodzi atsale pa chiwongolero, wina atsike ndi windlass, chitsulo chopindika chija chopukusira timageti tolowetsera ndi kutulutsira madzi m'chipindamo. Ngati kukubwera boti lina ndipo madzi ali mulingo wa mbali yawo, asiyeni ayambe ndiwo. Mukapanda kutero mutaya madzi odzadza chipinda chonse pachabe.

Pokwera, tulutsani madzi potsegula timageti takumunsi. Chitseko musalimbane nacho. Madzi akafanana mbali zonse, mungotsamira mtanda wake ndi msana, n'kumabwerera chafutambuyo, chimatseguka chokha. Boti likalowa tsekani zonse zakumunsi, kenako tsegulani timageti takumtunda pang'onopang'ono. Yambani ndi timageti tapansi m'mbali mwa ngalande. Ta pachitseko tidikire mpaka timire, apo ayi madzi akhuthukira kumutu kwa boti ngati mathithi.

Potsika ndi pamene ndikupemphani kuti mutsegule maso. Kunsi kwa zitseko zakumtunda kuli sitepe yamwala, eni ake amati cill, ndipo malire ake amalembedwa ndi penti yoyera pamphepete. Sitepeyi simuiona chipinda chikadzadza. Matako a boti akakhala pamenepo madzi akuphwa, mutu umaloza pansi, ndipo boti limamira anthu akuona. Choncho likhale kutsogolo kwa mzere woyerawo nthawi yonse. Chingwe musachimange mfundo pachichiri, mungochikoleka n'kumachimasula pang'onopang'ono, chifukwa boti lingalendewere. Chikangokayikitsa chilichonse, wa pa chiwongolero alize hutala, wa windlass uja atseke timageti tonse nthawi yomweyo. Chizindikiro chimenechi mugwirizane musanayambe.

Windlass musamusiye pachopukusira ngakhale kamphindi. Kachitsulo kogwira mano a chopukusiracho kakapulumuka, windlass amazungulira mwaukali mpaka kugulula munthu mano.

Nyengo ya kuno imasintha kangapo tsiku limodzi. Dzuwa likhoza kuwala pa loko woyamba, wachitatu n'kukupezani m'mvula yamawawa yonga chiperoni ya ku Thyolo. Njerwa za m'mphepete ndi matabwa owolokera pachitseko zimaterera ngati therere, ndiye musathamange, musalumphe, gwirani chitsulo chogwirira. Mphepo ndiyo imazunza kwambiri, poti botili ndi lalitali komanso lafulati kunsi, ndiye imalikankha cham'mbali. Khalani chimangirireni ndi chingwe chapakati mpaka zitseko zitatseguka, kenako lowani ndi moto pang'ono, chifukwa boti loyenda mozengereza silimvera chiwongolero.

Potuluka tsitsani timageti mopukusa, osati kungotigwetsa, ndipo tsekani zitseko pokhapokha ngati boti lina likulowa. Kukayamba kuchita mdima kapena kugunda ziphaliwali, pezani pomangirira patali ndi khomo la loko, mugone pomwepo, otsalawo mudzadutse mawa.