Momwe mungasamalire matiresi a siponji kuti asanunkhe

Siponji imamwa madzi msanga koma imauma mochedwa kwambiri. Nchifukwa chake amene amachapa matiresi ndi ndowa zamadzi amadabwa kuti pamwamba pauma koma fungo lachuku silikuchoka. Poyeretsa matiresi, madzi azikhala ochepa, dzuwa ndi mphepo zizichuluka.

Yambani m'mawa tsiku lopanda mitambo. Chotsani zofunda zonse, tulutsani matiresi, muwatsamize pakhoma kapena pamipando iwiri kuti mphepo izipita mbali zonse. Akuntheni ndi kandodo fumbi lituluke, kenako pitani ndi burashi youma m'mbali mwake momwe muli misoko. Ngati nsalu yokuta ili ndi zipi, ivuleni muichape payokha. Koma siponji yosakutidwa isakhale padzuwa tsiku lonse, imafufuta n'kuyamba kunyenyeka.

Vuto lalikulu m'nyumba zambiri ndi mkodzo wa ana. Ukangotayika, tengani thaulo louma mudinikize mwamphamvu kuti limwe. Musapukute uku ndi uku, mungoufalitsa. Sakanizani viniga woyera ndi madzi muyeso wofanana, nyowetsani kansalu, mufinye, n'kumadinda pamalopo. Dinikizaninso ndi thaulo lina louma. Mukatero wazani soda, yemwe uja timathira m'therere, mumusiye maola angapo kuti akoke chinyezi ndi fungo, kenako sesani ndi burashi. Kwa mwana amene sanasiye kukodza pogona, makintoshi pansi pa nsalu yoyala amapulumutsa ntchito yonseyi, ndipo amaposa kukalipira mwana m'mawa uliwonse.

Magazi chotsani ndi madzi ozizira ndi sopo pang'ono. Madzi otentha amawakhazikitsa m'nsalu.

Pamene matiresi ali panja, yang'anani m'misoko. Timadontho takuda ngati ta inki ndi chizindikiro cha nsikidzi. Apa kuyanika kokha sikukwanira, chifukwa zambiri zimabisala m'ming'alu ya bedi, m'mabowo a misomali ndi m'khoma. Phwasulani bedi lamatabwa, thirani madzi owira m'malumikizo onse, ndipo zofunda ndi mapilo zichapidwe m'madzi otentha osachepera madigiri 60. Mazira a nsikidzi amaswa pakatha sabata imodzi kapena kupitirira pang'ono, choncho bwerezani ntchitoyi pakatha masabata awiri. Palafini ndi mankhwala opopera kumunda asayandikire pogona munthu. Ngati nsikidzi zachuluka, itanani odziwa kupopera m'nyumba.

Musalowetse matiresi asanaumiretu. Dinikizani ndi dzanja pamene panali ponyowa: pakamveka kuzizira, mkati mudakali madzi.

Pobwezera pabedi, atembenuzeni, chapansi chikhale pamwamba, kumutu kupite kumiyendo. Kuchita zimenezi miyezi itatu iliyonse kumachedwetsa dzenje lija lapakati limene limapweteketsa msana. Ogona pansi ayale mphasa kapena mkeka kaye, chifukwa simenti imatulutsa chinyezi, makamaka m'dzinja kuyambira Disembala mpaka Malichi. Masana aziwaimika pakhoma.

Nanga pulasitiki ya kusitolo ija ena amaisiya zaka kuti matiresi azioneka atsopano? Ikang'ambika, thukuta limalowa osatulukanso. Ichotseni, musoketse nsalu yokuta ya zipi kwa telala, ndipo nsalu zoyala zizichapidwa sabata iliyonse.