Momwe mungakonzere fayilo ya mphunzitsi wa nyimbo wopikisana nawo pa mphotho

Nyimbo ikatha kuimbidwa siisiya phazi. Mphunzitsi wa masamu ali ndi malikisi oti aonetse, koma wa kwaya anthu amangomuombera m'manja n'kubalalika. N'chifukwa chake dzina lake limaiwalika msanga pamene aphunzitsi ochita bwino akufunidwa, monga pokonzekera Tsiku la Aphunzitsi la pa 5 October. Oweruza mphotho ya dziko lonse sanaimvepo kwaya yanu. Chimene adzaone ndi fayilo basi, ndipo fayiloyo siyokonza usiku umodzi.

Yambani mu September, sukulu zikangotsegulidwa. Sankhani nyimbo imodzi ya mawu anayi (soprano, alito, tena ndi besi), muijambule m'sabata yachiwiri ana akadali kuphonya kiyi, ndipo mudzaijambulenso kumapeto kwa teremu yachitatu, ana omwewo, malo omwewo. Musachite manyazi ndi kanema woyambayo. Kusiyana kwa awiriwa ndiye umboni weniweni wa ntchito ya mphunzitsi.

Pojambula ndi pamene ambiri amaonongera. Foni igone chopingasa, itsamire mabuku pa desiki, mamita 3 kapena 4 kuchokera pa mzere woyamba. Ikakhala m'manja imanjenjemera, ikayandikira kwambiri mumangomva mwana mmodzi wa mawu akuthwa. Ng'oma ndi maseche zikhale kumbali, kutali ndi foni, chifukwa zimameza alito ndi tena. Mawindo akhale kumbuyo kwa wojambula kuti nkhope zisade. Mvula ya kuno ku Zomba ikayamba kugunda malata, siyani, mudzajambule mawa. Panja napo m'miyezi ya June ndi July mphepo imalira m'foni kuposa ana. Kanema aliyense asapitirire mphindi 3.

Pakhalenso kanema wachitatu woonetsa mphunzitsi ali pa ntchito: choko m'manja, zilembo za solofa (d r m f s, zoimira do re mi fa so) zili pa bolodi, akuimitsa a besi n'kuwabwereza mzere umodzi katatu mpaka ulowe. Kanema uyu ndiye wofunika kuposa onse. Potumiza pa WhatsApp sankhani Document, apo ayi kanemayo amafinyidwa ndipo chithunzi chimachita mbuu. Musanatumize kulikonse, makolo asaine chikalata chololeza kuti ana awo ajambulidwe.

Kenako mapepala. Ikanimo masikimu ndi mapulani a phunziro la Expressive Arts monga silabasi ya Malawi Institute of Education ya ku Domasi ikunenera, kaundula wa kwaya wokhala ndi masiku, ndi zithunzi za zoimbira zimene ana apanga okha, kaya visekese kaya mangolongondo. Ngati mphunzitsiyo amaphunzitsa magule a kwathu kuno, manganje, beni kapena tchopa amene UNESCO inamulemba m'kaundula wake mu 2014, lembani amene anathandiza kuchokera m'mudzi ndi nthawi imene anabwera.

Makalata ochitira umboni akwane atatu: ya mphunzitsi wamkulu, ya wapampando wa komiti ya sukulu, ndi ya munthu wodziwa nyimbo amene anaimvadi kwayayo, kaya mphunzitsi wa nyimbo wa ku University of Malawi kapena wotsogolera kwaya ya mpingo. Vuto la makalata ambiri n'kuyamika kopanda kanthu: “ndi wakhama, waulemu, wokonda ana.” Mawu otere angakwane mphunzitsi aliyense. Kalata inene zowerengeka, monga kuti kwaya inayamba ndi ana angati ndipo pano alipo angati, amakumana kangati pa sabata, ndi ana angati amene tsopano amawerenga okha solofa. Iliyonse ikhale ndi deti, siginecha, ndi chidindo ngati chilipo.

Chilengezo cha mphotho chikatuluka, werengani malamulo ake kawiri ndipo chotsani m'fayilo chimene sanapemphe. Ngati sananene njira ina, za ku pulayimale zidzere kwa a hedi, zipite kwa mlangizi wa sukulu za pulayimale (PEA) ku likulu la zoni (TDC), kenako kwa mkulu wa maphunziro wa Zomba Urban kapena Zomba Rural. A ku sekondale apereke ku ofesi ya South East Education Division. Masatifiketi perekani mafotokope okha, enieniwo asungeni kunyumba. Fayilo yonse ikhale ndi inzake yotsala ku sukulu, ifike sabata imodzi tsiku lotseka lisanakwane, ndipo wolandira asaine m'buku lanu n'kulemba deti.